Chikonyo cha Marita

1934, Nsaru

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndimawaletsa amayi anu kutaya njere zakuda potonola chimanga cha mbewu, ndipo ine ndakhala ndikuyankha kuti ndi khalidwe la nkhalamba chabe. Si choncho. Tsopano ndapuma ntchito, maso akadaona, ndiye ndilemba mmene zinayendera. Iwe Agnesi, mwana wanga woyamba, gawo lina ukulidziwa. Enanu munabadwa nkhaniyi itatha.

Nditamaliza ku koleji ya mishoni, kumene tinkaphunzira uphunzitsi pamodzi ndi ulimi, boma linandilemba ntchito ya ulangizi ndi kunditumiza ku Nsaru. Anandipatsa njinga, chingwe choyezera mizere ndi kabuku kolembamo. Ntchito yanga inali kuuza anthu kuti asiye matutu azilima mizere yopingasa mtsetse, kuyang'anira nazale za fodya, ndi kugawa mbewu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anthu amene ndinkawalangizawo anayamba kulima ine ndisanabadwe. Ankandilandira bwino, kundipatsa mpando, kuvomera zonse, ine nditapita n'kubwerera ku matutu awo.

Mkulu wanga anali Mzungu wamtali, woonda, wovala zoyera nthawi zonse. Poyenda m'munda ankanyamula miyendo mosamala, choncho anthu anamutcha Bwana Kakowa. Chinyanja ankachilankhula bwino, ndipo dzinalo ankalidziwa. Chaka chimenecho tinagawa chimanga china choyera, cha zitsononkho zikuluzikulu, chochokera kumunda woyesera mbewu. Chinabereka zedi. Koma pofika Okutobala amayi anayamba kundiimitsa m'njira. Ankati chikaikidwa mumtondo chimangofumbutuka n'kusanduka gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe anali atachimaliza pamene cha makolo chinali chikadali chilili. Ndinakanena izi kwa Bwana Kakowa ndikuopa kuti akwiya. Iye anatenga njere ya cha makolo, kuiluma, n'kugwira tsaya.

“Kapitawo, chimanga ichi anachiumitsa chonchi ndani?”

“Mulungu, Bwana.”

“Sindikutsutsa. Koma antchito ake anali ndani?”

Iye anati antchitowo anali awiri, nankafumbwe ndi mayi wa mtondo. M'munda uliwonse chimanga sichifanana. China n'chofewa, china n'cholimba. Chofewa nankafumbwe amachidya dzinja lisanafike, ndiye sichibzalidwa. Cholimba chimatsala, mayi amachisankha, ndipo ana ake amatengera kulimbako. Zikachitika choncho mibadwo yambiri, mtundu wonse umasintha, ngakhale palibe munthu anakhalapo pansi kupangana zimenezo. Anati ndi mmene zamoyo zonse zimasinthira, udzu, mbalame, ng'ombe, pang'onopang'ono moti wamoyo mmodzi sangazione. Anandibwereka buku lofotokoza zimenezi, ndipo ndinaliwerenga kawiri. Ndinayamba kuyang'ana minda ndi maso ena. Ndinayambanso kudziona ngati wodziwa zambiri, ndipo apa ndi pamene panayambira kulakwa kwanga.

1935 mpaka 1937, kufupi ndi Kabudula

Ndinakwatira Marita mu 1935, ndipo mwa mwambo ndinakamanga nyumba kwawo, m'mudzi wina kufupi ndi Kabudula. Ku ntchito ndinkapalasa njinga. Mayi ake anali atamwalira kale, ndipo amene ankaima ngati mayi anali mkulu wake, a Rozina, alamu anga, munthu wosabisa mawu amene anayamba kundinyogodola tsiku loyamba chifukwa cha manja anga opanda zikang'a.

Marita anali ndi munda m'mphepete mwa dambo, patali ndi minda ina, ndipo ankabzalamo chimanga chimene mayi awo anawasiyira. Chinali choyera, cholimba ngati mwala, koma pa chitsononkho chilichonse panali njere zakuda mofiirira ngati mabulosi akupsa, apa imodzi, apo zitatu. Ankachitcha cha mawanga. A Rozina nawonso anali nacho kale, koma ine ndinawanyengerera kubzala cha boma chija zaka ziwiri zotsatizana, ndipo chawo chinatha. Marita anakana. Anati, “Inu langizani anthu a m'misewu. M'munda muno mlangizi ndine.” Pokolola ankayenda munda wonse, kusankha chitsononkho apa, china uko, china cha pachulu, china cha kufupi ndi madzi. Ankazimanga pamodzi ndi makoko ake kukhala chikonyo, n'kuchipachika kutsindwi kwa khitchini kuti utsi uzichiteteza. Ndinamufunsa chifukwa chake satenga zazikulu zokhazokha pamalo amodzi. Anati amayi ake sankatero, ndipo ine ndinaseka.

Iwe Agnesi unabadwa mu 1936. Mu Juni 1937, titangomaliza kukolola, Marita anadwala masiku asanu ndi limodzi. Za masiku amenewo sindilemba.

Nkhokwe yathu inali yaing'ono, ndipo inathera pa maliro ndi pa kumeta. Mu Okutobala abale ake anandikhazika pansi nandisudzula, ndiko kuti anandimasula kuti ndipite kwathu kapena kulikonse, pakuti ukwati unatha. Anachita mwaulemu, palibe anandinyoza. Mwana anali wa pamudzipo, wotsala m'manja mwa a Rozina, ndipo ine ndinadziwa zimenezi kuyambira tsiku limene ndinamanga nyumba. M'mawa wonyamuka ndinalowa m'khitchini kukatenga nkhwangwa yanga. Chikonyo chinali pamalo pake, chakuda ndi mwaye, mfundo yake ili mmene manja ake anaimangira. Ndinachimasula, kuchikulunga m'bulangete ndi kuchimangirira pa njinga. Sindinapemphe munthu. Ndinadziwa kuti mbewu ya mayi ndi ya ana ake aakazi, ndinadziwanso kuti cha mawanga china kulibe.

1937 mpaka 1941, Mpingu

Ndinapempha kusamutsidwa, ndipo ananditumiza ku Mpingu. Anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri ndi kamunda kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Ntchito inkayenda bwino. Anthu a kumeneko anayamba kuona okha kuti mizere imasunga madzi, ndipo mikangano inachepa. Nkhondo itayamba kunja, zinthu zinasowa. Mchere unkapezeka mwa apo ndi apo, nsalu chimodzimodzi, ndipo matayala a njinga yanga ndinawasokerera ndi chikopa cha ng'ombe mpaka anthu ankandizindikira ndi phokoso ndisanatulukire. Mchere ndikaupeza ndinkautumiza ku Kabudula kudzera mwa mphunzitsi wa katekisimu amene ankayenda njira imeneyo. Ine mwini sindinapiteko. Ndinkadziuza kuti ntchito yachuluka. Zoona zake n'zakuti sindikanatha kuyang'ana a Rozina kumaso, ndiponso anthu ankanena kuti mwana wafanana ndi mayi ake.

Chaka choyamba ndinabzala chikonyo chonse, ndipo chinamera bwino. Koma chitayamba kumasula ndinagwidwa ndi mantha. Ndinadziwa kuchokera ku koleji kuti njere iliyonse ili ndi mayi ndi bambo: ndevu za chimanga zimalandira mungu wochokera ku ngayaye, ndipo mphepo imatenga munguwo kumunda uliwonse. Kutsidya kwa bulugamu kunali minda ya cha boma. Ndinaona ngati mphepo ikubwera kudzandilanda chotsala changa. Choncho ndinachita zimene anatiphunzitsa pofuna kusunga mtundu wosasakanizika. Ndinavundikira ndevu ndi timatumba ta pepala zisanatuluke, ndinavundikiranso ngayaye, ndipo mungu wa phesi lililonse ndinkauthira pa ndevu za phesi lomwelo. Pokolola ndinasankha chitsononkho chimodzi chokha, cha njere zakuda zambiri kuposa zonse. Chaka chotsatira ndinachitanso chimodzimodzi. Mapepala atasowa ndinkamata maenivulopu akale a ku ofesi ndi phala la chinangwa. Anthu odutsa ankaima kuonerera chimanga chovala zipewa, ndipo mayi wina anandifunsa ngati chikudwala mutu.

Chaka chachiwiri mapesi anafika m'mapewa mwanga, pamene kwa Marita ankandipitirira. Ndinati ndi nthaka, ndipo ndinathira manyowa. Chaka chachitatu anafika m'chiuno, ndipo mbewu zina zinamera zoyera mbee, zopanda kubiriwira, n'kufa zisanathe milungu iwiri. Ndinati ndi mvula. Chaka chachinayi ndinakolola zitsononkho ziwiri zotalika ngati chala, njere zake zoperewera ngati mano a nkhalamba.

Bwana Kakowa anafika mu Meyi 1941 kudzayendera ntchito. Ataona timaenivulopu tikadali lende pa mapesi ouma, anafunsa kuti ndi kuyesa kwanji kumene sanakulamule. Ndinamuonetsa zitsononkho ziwirizo. Anazitembenuza m'manja.

“Mwachikwatitsa chokha kangati?”

“Kanayi, Bwana.”

“Ndipo chaka chilichonse mwasunga zingati?”

“Chimodzi.”

Anakhala pa chitsa. Anati njere iliyonse imalandira magawo awiri a chikhalidwe, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Mu mtundu uliwonse muli zofooka zobisika, koma sizioneka chifukwa gawo labwino la mbali ina limaziphimba. Phesi likadzikwatira lokha, chofooka chimakumana ndi chofooka chinzake, ndipo palibe chophimba. Mbewu zoyera zija ndi zimenezo. Anatinso kusunga chimodzi kuli ngati kutapa nyemba zitatu m'dengu la nyemba zosakaniza. Mitundu ina imatsala m'dengu, osati chifukwa ndi yoipa, koma chifukwa dzanja silinaikhudze, ndipo ikatsala yatsala.

“Mtundu suli m'chitsononkho chimodzi, Kapitawo. Uli m'munda wonse, ndi m'minda ya oyandikana nawo. Koma izi munaziwerenga m'buku lija.”

“Ndinaziwerenga, Bwana.”

“Nanga?”

Anayang'ananso njerezo, nafunsa kuti mbewuyi inachokera kuti. Ndinati inali ya mkazi wanga. Anavula chipewa. Kenaka anati ngati ndichitanso kamodzi mwina sindidzakolola kanthu, koma chikakumana ndi chimanga china cha makolo, ana ake adzadzuka amphamvu. Anawonjeza kuti sichidzakhalanso chimodzimodzi monga chinalili, ndipo pa zimenezo sakandinamiza.

Atapita ndinaika zitsononkhozo pa tebulo, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinakhala ndikuchizemba. Zinali zakuda bii, njere zonse. Cha Marita chinali choyera cha mawanga. Pofuna kuchisunga mmene anachisiyira, ndinali nditapanga chinthu chimene iye sakanachizindikira.

Ndinakhala nazo miyezi isanu. Ndikanatha kuzisakaniza ndi cha makolo cha ku Mpingu komweko, munthu wina osadziwa. Ndinalingalira zimenezo kwambiri, chifukwa inali njira yopanda manyazi. Koma mbewuyo sinali yanga, ndipo mwini wake anali ndi zaka zisanu.

Novembala 1941, Kabudula

Ndinafika masana, mitambo itayamba kusonkhana. A Rozina anali pakhonde akutonola mbewu m'lichero. Anamva njinga, nakweza maso, manja osaleka ntchito.

“Kodi ndi alamu? Ife timayesa munapita ku nkhondo.”

“Ayi, ndili ku Mpingu.”

“Ku Mpingu. Kutali kwake, eti? Kuoloka nyanja zingati?”

Anandipatsa mpando ndi madzi. Tinalonjerana monga kuyenera, za matupi, za mvula, za amene anamwalira ine kulibe. Kamtsikana kanatuluka m'nyumba, kundiona, n'kubisala kumbuyo kwawo. A Rozina anati, “Awa ndi abambo ako, a mchere aja.” Iwe Agnesi unandiyang'ana ndi diso limodzi. Ananena zoona za kufanana kuja, ndipo ndinayang'ana pansi.

Ndinatulutsa kansalu m'thumba ndi kukamasula pa mphasa. Ndinati ndabwera ndi mlandu, ndine ndinatenga chikonyo m'khitchini tsiku lija.

“Kodi mumayesa sitinadziwe? Tinkati adya makoswe? Makoswe samasula mfundo, alamu, amangodula.”

“Bwanji simunanditumire mawu?”

“Munthu wachoka ndi nkhwangwa ndi bulangete basi. Tikanamulandanso chiyani?” Anatola chitsononkho chimodzi ndi zala ziwiri. “Nanga ichi n'chiyani? Chimanga cha abuluzi?”

“Ndi chomwe chija.”

“Cha amayi anga? Mwachitani nacho?”

Ndinafotokoza za timatumba ndi mungu, mmene ndinatsekera mphepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, chitsononkho chili m'manja. Kenaka anaitana mnansi wawo, mayi wina wachikulire amene ankadutsa ndi mtsuko. “Anaphiri, tabwerani mudzamve za sukulu. Alamu anga akhala akukwatitsa munthu ndi mlongo wake zaka zinayi, ndiye akudabwa kuti ana akubadwa onyentchera.”

“Si mlongo wake,” ndinatero. “Ndi iye mwini.”

“Ndiye zaposa,” anatero Anaphiri, napitiriza ulendo wawo akuseka.

Ndinasekako nanenso, ndipo kanali koyamba kuseka pamudzi umenewo chichokereni Marita. A Rozina anandionetsa lichero lawo. Anati cha boma anachisiya kalekale. Mbewu imeneyi ina anapempha kwa Anaphiri, ina anabwera nayo kuchokera ku maliro ku Nsaru, ina inali ya apongozi awo. Anati mbewu samana, ndipo mbewu yosayenda imatopa. Mayi awo ankatero, ndipo chaka chilichonse ankasinthana kambale ndi munthu wa mudzi wina. Ndinafunsa ngati Marita nayenso ankatero. “Inde, kumbuyo kwa nkhokwe, inu muli ku mizere yanu,” anatero. Choncho ngakhale chimene ndinkachitcha chosasakanizika chinali chosakanizika kuyambira kale.

Ndinanena chimene ndinabwerera: kuti njerezi zibzalidwe pakati pa munda wawo, popanda chovundikira. Ndinati chakuda ichi chidzasowa pakati pa choyera, ndipo mwina zaka zina sichidzaoneka n'komwe.

“Ndiye mukulira chiyani? Mwana akakwatiwa kumudzi wina ndiye kuti wafa?” Anatonolera njerezo m'kambale. Sizinadzaze ngakhale pansi pake. Anakupatsa iwe, Agnesi. “Gwira bwino. Ndi za amayi ako.”

Mvula inagwa tsiku lachiwiri, ndipo ndinatsala kudzabzala nawo. Ine ndinkakumba mapando, iwe unkaponya njere yakuda phando lililonse lachitatu, a Rozina akukwirira ndi phazi. Pa mzere wachiwiri unandidzudzula kuti mapando anga ndi akuya kwambiri. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene unandilankhula.

1942 mpaka 1947, Nambuma

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Nambuma, ndipo ndinayamba kupita ku Kabudula mwezi uliwonse, matayala achikopa ali phokoso. Mapesi a njere zanga anakula ofooka monga kale, koma mungu wake unagwira ntchito. Pokolola, zitsononkho zoyera za a Rozina zinali ndi njere zakuda apa ndi apo. Iwo anasankha mbewu mwa njira yawo, munda wonse, zitsononkho zambiri, ndipo ine ndinatseka pakamwa. Chaka chinacho chimanga cha m'mundamo chinandipitirira msinkhu. Ndinaima pakati pake nthawi yaitali, ndipo a Rozina anandisiya.

Sichinabwerere kukhala cha Marita. Zitsononkho zake zinali zonenepa kuposa zija, ndipo mawanga ankachuluka chaka china, chaka china n'kuchepa. Ndinazolowera. Pa ntchito ndinasiya kunyengerera amayi kutaya mbewu zawo. Ndikapatsidwa mbewu yatsopano ndinkawauza kuti ayese mizere ingapo, koma chikonyo chakutsindwi asachitsitse. Bwana amene analowa m'malo mwa Kakowa anandilembera kalata yondidzudzula kuti ndine wozengereza. Ndinaiwerenga, kuipinda, ndi kupitiriza.

Mu 1947, chaka chimene ndinakwatira amayi anu, ndinali kuyeza mizere m'mudzi wina kupitirira Nambuma, kumene ndinali ndisanafikeko. Pakhomo lina mayi anali kuyanika chimanga pa mphasa, ndipo ndinaona njere zakuda mofiirira pa zitsononkho zingapo. Ndinatsika pa njinga n'kufunsa kuti mbewuyi anaitenga kuti.

“Kaya, a kapitawo. Anabwera nayo mtengwa wa mchimwene wanga, wa cha ku Kabudula uko. Kodi n'choletsedwa?”

“Ayi, mayi. Sicholetsedwa.”

“Ufa wake umada pang'ono, koma anankafumbwe amachiopa. Mukufunako?”

Anandipatsa zitsononkho zitatu osadziwa kuti akupatsa ndani. Ndi zimenezo, pamodzi ndi zina za a Rozina ndi zina zimene amayi anu anabwera nazo kuchokera kwawo, zimene zinayambitsa chimanga chimene mwakulira inu. Muli Marita mmenemo, muli apongozi a a Rozina, muli Anaphiri, mulinso anthu ena amene sitidzawadziwa mayina.

Ndiye mukadzagawana mbewu ine kulibe, musadzataye njere zakuda, komanso musadzazisankhe kuti muzibzale pazokha pondikumbukira. Sankhani zitsononkho zambiri, munda wonse, za pachulu ndi za kufupi ndi madzi. Wopempha mumupatse, ndipo inunso muzipempha. Chaka china mudzatonola lichero lonse osapeza njere yakuda ngakhale imodzi. Zinandichitikira kawiri. Musadzade nkhawa. Mudzabzale basi.